Zachitsulo pa Chitakale

Loweruka. Chiperoni chatsika m'phiri,
chameza minda ya tiyi mpaka m'mphepete mwa tala.
Tathithikana anayi m'kashopu ka Welosi wokonza mafoni,
pakati pa mabatire otupa ndi fungo la waya wopserera.
Sipika ndi imodzi, yong'ambika kukamwa,
yomangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga.

Memori khadi ndaisunga m'bokosi la machesi.
Bandulo yausiku yandidyera tulo,
kudikira nyimbo zisanu ndi ziwiri
zikutsimphina pa netiweki ya kwathu ku Chisitu.
Eni ake kutsidya kwa nyanja amati metokoo.
Ife timangoti zachitsulo.

Yoyamba. Magitala akulumana
ngati macheka awiri pa mtengo umodzi.
Welosi sakudzutsa n'komwe mutu pa foni ya kasitomala.
"Ng'omazi si munthu, ndi kompyuta.
Mwendo wa munthu umatopa, umanama pang'ono.
Apa palibe thukuta. Zinayi pa khumi."

Lusitiya wangoweruka kuchipatala,
yunifolomu yabisala m'juzi ya mchimwene wake.
Mawa ayimba alito kukwaya,
lero akupima kholingo la mzungu:
"Akukuwira pakhosi, osati m'mimba.
Zaka ziwiri, mawu atha awa.
Kolasiyonso yachuluka shuga
ngati tiyi wa mlendo wolemera."

Ine ndimatsutsa dala.
Sabata yonse ndimaima pa makina kufakitale,
phokoso lopanda mwini, londilipira mochedwa.
Ili lokha ndiye phokoso lomwe ndinasankha ndekha.

Mayi wootcha chimanga pakhonde wasuzumira:
"Kodi mukupha nkhumba muno?"
Taseka, tamugula ziwiri.

Fanuwelo sanaseke.
Njinga yake yakabaza ikudontha mame panja.
Chiyambire chaka chija
phiri linasanza miyala usiku,
n'kunyamula nyumba, mbuzi, mayi ake ndi Esimi,
mawu ake amawerengera ngati chenji.
Pa maliro opanda mitembo aja
anali kalikiliki kudula nkhuni, maso gwa.

Yachisanu imayamba ngati ikupepesa,
gitala imodzi, yoonda, yonyowa.
Kenako malata onse agwa nthawi imodzi.
Kenako pamene timapadikira paja,
pamene nyimbo imathyoka msana,
ng'oma n'kumakwawa ngati lole ya matabwa pachitunda:
du.
du-du.
zii.
du.

"Bwezani."
Tabweza.
"Bwezaninso, pomwe pajapo."
Wagwira benchi ndi manja onse awiri.
"Ndi mmene linkamvekera.
Osati phokosolo ayi.
Kachetechete kapakatiko,
mwala wina usanafike."

Welosi wazimitsa kachitsulo kake kowotchera.
Palibe watchula malikisi.
Munthu wa kudziko lachisanu,
yemwe sadziwa kuti Mulanje ndi phiri kapena ndiwo,
akung'amba chifuwa chake m'sipika yathu yodwala,
ndipo mapewa a Fanuwelo akugwedezeka
motsalira pang'ono kumbuyo kwa ng'oma.

"Akuti chiyani kodi?" wafunsa, mawu asasa.
Lusitiya watchera khutu, wapukusa mutu:
"Chingerezi chake chaphwanyika, sindikutola."
"Basi zisiyeni. Ndamva."

Magetsi thii, monga mwa masiku onse.
Zotsala ziwirizo tidzaziweruza Loweruka lina.
Mumdima, nkhope zayera ndi kuwala kwa mafoni,
bulutufu ikusamutsa bingu kuchoka m'thumba langa.
Foni yake yati yadzaza.
Wafufuta nyimbo zapaukwati, wafufuta magemu,
zithunzi sanakhudze.

Wapeza kasitomala wa dengu la nanazi wopita ku Limbuli.
Wavala hedifoni yolira khutu limodzi,
wapalasa kulowa mu nkhungu,
mutu ukuvomera chinthu chomwe wokwerayo sakumva.

Welosi akutseka zenera ndi katoni.
"Ija yachisanu ija," akutero, osandiyang'ana,
"ng'omazo ndi munthu.
Ndamumva akuchedwa."